Matuza Asanu pa Njuli

Pa Njuli palibe wakabaza amene sadziwa chisakasa cha a Dominiko Namakhwa. Ndiko kumapita njinga ikathyoka sipoko kapena ikaduka tcheni, ndiponso ndiko kumapita mwini njingayo akafuna mthunzi ndi nkhani zaulere. A Dominiko akhala akumata machubu pamenepo kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ntchito yawo palibe amene anaidandaulapo. Chimene anthu amadandaula nacho ndi gitala.

Gitalayo anapanga okha. Thabwa lake anachotsa kumbuyo kwa kabati ya apongozi awo, mayiwo atapita ku maliro, ndipo mlandu wake unatenga miyezi iwiri kuti uzizire. Nsambo zake ndi mawaya a buleki ya njinga. Anailumikiza ku sipika ya wayilesi yakufa ndi batire la galimoto, ndipo sipikayo inang'ambika kalekale, koma iwo amati kung'ambikako ndiye mchere wake. Akaigunda, mbuzi zomangidwa pamsika zimadula zingwe.

Munthuyu sanakhutire ndi nyimbo zimene anzake onse amakhutira nazo. Iye ndi wa roko, nyimbo zija za azungu atsitsi lalitali zimene gitala imalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Matendawa anawatengera kumishoni ali mnyamata. Wansembe wina wochokera kunja pobwerera kwawo anasiya katoni ya makaseti, ndipo a Dominiko, amene anatumidwa kukasesa m'chipindamo, anasesa ndi katoni yomwe. Gitala anali ataphunzira kale kwa amalume awo, a Maluwa, pamodzi ndi mng'ono wawo Denis, kwawo kwa Mpama. Koma amalume ankaimba zofatsa, zoti munthu avine atanyamula mwana kumbuyo. Za m'katoni zija zinali zina.

M'kwaya ya tchalitchi anakhalamo miyezi isanu ndi itatu yokha. Tsiku lina la Mulungu, pakati pa nyimbo ya chopereka, mzimu wa m'katoni unawagwera. Anatseka maso, napinda msana, zala n'kuyamba kuthamanga zokha. Akhristu amene anali pamzere anaima kukamwa yasa, ena anabwerera pamipando osafika n'kutsogolo komwe. Madzulo ake akuluakulu a mpingo anawathokoza chifukwa cha luso lawo, nawapempha kuti lusolo akalisungire kunyumba. A Dominiko mpaka lero amati anachotsedwa chifukwa cha nsanje.

Anakwatira amayi Magdalena, amene amagulitsa zitumbuwa pambali pa chisakasa chomwecho. Mayiwa anapirira zambiri, ndipo anthu a pa Njuli amati akadzamwalira adzalowa kumwamba osafunsidwa funso.

Tsono chimene chinawatchukitsa a Dominiko si kuimba kokha ayi, koma chitseko. Chisakasa chawo amatsekera chitseko chakale cha matabwa, ndipo pachitsekopo analembapo ndi choko mndandanda wa oimba gitala onse a dziko lapansi amene iwo anawamvapo, kuyambira katswiri mpaka mbuli. Mayina enieni a azunguwo ankawavuta lilime, choncho anawapatsa awoawo, malinga ndi zithunzi za pamakaseti. Panali Wosasamba, panali Ndevu za Chimanga, panali Kamwendo amene ankajambulitsa ataima ndi mwendo umodzi, panalinso Amasiye, chifukwa nkhope yake inali ngati waferedwa dzulo.

Muyeso wawo unali umodzi: matuza. Akamva nyimbo, ankaiphunzira pa mawaya awo a buleki mpaka aithe, kenako n'kuwerenga matuza amene yawatulutsa m'zala. Ndipo zala za munthu wogwira masipoko tsiku lonse sizituluka thuza mwachibwana.

"Pakamwa pamanama, khutu limanama, koma thuza silinama," ankatero.

Wosasamba anali wa thuza limodzi, phokoso lambiri koma nzeru zochepa. Kamwendo anali wa awiri. Amasiye, amene ankaimba pang'onopang'ono koma akukoka nsambo mpaka ilire ngati munthu, anali wa atatu, ndipo akabaza ankatsutsa kuti wochedwa sangapose wothamanga. A Dominiko ankawayang'ana mwachisoni.

"Inu mumayesa liwiro ndiye luso? Nkhuku yothawa kabawi imathamanganso, koma simunaipatsepo mendulo. Kokani wayayu mufike pamene afika Amasiye, osapitirira, osaperewera, tione ngati simulira mayo."

Pansi penipeni pa chitseko, pafupi ndi pamene agalu amanunkhiza, panali dzina limodzi lachikuda: Denis Namakhwa, ziro. Analilemba mwanthabwala mng'ono wawoyo akadali pamudzi, akudya kunyumba kwawo ndi kuwabera gitala iwo akapita ku Limbe kukagula zipangizo. Denis ankaseka nawo, ngakhale kuti kuseka kwake sikunkafika m'maso. Atapita ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa, dzinalo linatsala pomwepo. Atamwalira komweko ndi matenda a m'chifuwa, linatsalabe. Mvula ikafufuta, a Dominiko ankalilembanso bwinobwino, ndi ziro wake yemwe, amvekere ndiko kukumbukira m'bale wako monga analiri.

Pamwamba penipeni panali munthu amene nkhope yake sanaionepo. Mu 1996 Denis anatumiza kaseti kudzera mwa munthu wina wobwera kumudzi. Inalibe chithunzi, inalibe dzina, ndipo munali nyimbo imodzi yokha. Kakalata kake kanali ka mizere iwiri: "Achimwene, mvetserani bwino kasetiyi. Mundiuze maganizo anu."

A Dominiko anamvetsera, ndipo tsiku limenelo sanamate chubu n'chimodzi chomwe. Nyimboyo inkayamba ndi munthu kutsokomola kawiri, kho, kho. Kenako gitala inkalowa ndi mawu akuluakulu apansi, oyenda mwaulemu ngati ng'ombe. Koma pamwamba pa mawu amenewo, nthawi yomweyo, pankayenda mawu ena aang'ono, othamanga, okhotakhota, oseka ndi kulira pamodzi. Munthu mmodzi, gitala imodzi, njira ziwiri. A Dominiko anawerenga zala zawo, nawerenganso, napeza kuti sizikukwana. Anagamula kuti mzungu ameneyu ayenera kuti anabadwa ndi zala khumi ndi ziwiri, ndipo akabaza, posafuna kutaya malovu, anangomutcha a Thwelofu.

Yankho lopita ku Joni analemba tsiku lomwelo. "Wachita bwino kunditumizira. Ameneyu si munthu, ndi mfiti. Iwe ngati ukugwirabe gitala kumeneko, mvera mzunguyu uchite manyazi, uisiye. Thirira maluwa." Denis analembanso makalata awiri asanamwalire, koma za nyimbo sanatchulenso.

Kuyambira pamenepo moyo wa a Dominiko unali ndi ntchito imodzi, kukonza njinga kunali kongodyera. Masana aliwonse, dzuwa likafika pamutu, ankapukuta girisi m'manja n'kunyamula gitala. Popeza iwo sankachita zinthu mwatheka, ankayamba ndi kutsokomola kawiri monga a Thwelofu, poti katswiri sachita kanthu popanda chifukwa. Posakhalitsa akabaza onse anazolowera, moti akangoona gitala yanyamulidwa, siteji yonse inkatsokomola pamodzi, kho, kho, ngati wodi ya kuchipatala.

Chala chachikulu anachiphunzitsa kuyendetsa ng'ombe zapansi zija, zinazo zikuthamangitsa mawu apamwamba. Zinawatengera zaka zisanu ndi chimodzi kuti afike pakati pa nyimbo. Koma pakatipo panali malo ena amene anawatcha pa Mlatho, pomwe mawu apansi amatsika pamene apamwamba akukwera mothamanga mpaka kumapeto kwa thabwa. Akafika pamenepo ankagwa m'madzi. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, ankagwa pamalo omwewo, ndipo Nasir, wakabaza wamkulu pa sitejiyo, ankafuula kuti, "Bweretsani chingwe, madala amira!" Kutsogolo kwa dzina la a Thwelofu pachitseko kunalibe nambala, chifukwa nyimbo yosamaliza siwerengedwa matuza.

Kasetiyo ankaisamala kuposa chiphaso cha ukwati. Itaduka, anailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo wa mwana wawo Rejoice. Mawayilesi a kaseti atatha m'masitolo, anagula akufa atatu n'kupanga imodzi yamoyo.

Chaka chatha, mphepo ya chiperoni itayamba, zala ziwiri za dzanja lamanzere zinakana kuwongoka m'mawa. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti ndi nyamakazi, ndipo chisanu chilichonse chizibwera ndi kutengako pang'ono. A Dominiko sanaope imfa m'moyo wawo, koma apa anaopa. Anaopa kuti adzaikidwa m'manda asanawoloke Mlatho, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zitapita m'madzi. Analumbira pamaso pa akabaza kuti June wotsatira asanafike, nyimbo ya a Thwelofu aimaliza, zala zifune zisafune.

Ndiye kunabwera mkamwini. Rejoice anakwatiwa ndi a Chancellor, mphunzitsi wa kusekondale ina cha ku Boma, munthu waulemu wake koma wodwala matenda omwewo a roko. Kusiyana kwake kunali koti iye gitala sankaigwira n'komwe, nyimbo zake zonse zinali mu foni. Loweruka lina mu April anafika pachisakasa, nawerenga chitseko chonse kuyambira pamwamba, nayamba kumwetulira kumwetulira kwa anthu ophunzira.

"Bambo, mndandanda wanu ndi wabwino, koma anthu onsewa ndi akale. Ena anafa, ena akuyendera ndodo. Oimba a masiku ano anapita patali."

"Anapita kuti?"

A Chancellor anatulutsa foni, akabaza n'kuunjikana. Anawaonetsa mnyamata wa gitala ya nsambo zisanu ndi zitatu, amene ankaimba ndi manja onse awiri pathabwa ngati akulemba pa kompyuta. Anawaonetsa mtsikana wina wowonda amene zala zake sizinkaoneka n'komwe chifukwa cha liwiro. Anawaonetsanso woimba ng'oma amene mwendo uliwonse unkagunda zakezake, manja akuchita zina.

"Ameneyu," anatero a Chancellor, "akuwerenga zisanu ndi ziwiri ndi miyendo, zinayi ndi manja, nthawi imodzi. Kuvuta kwa nyimbo ndi kumeneku, bambo. Ndi masamu."

"Masamu ndi a kusukulu kwanu, aphunzitsi. Wa ng'omayo musiyeni, akupalasa njinga yosayenda, Nasir amamuposa. Mtsikanayo ndamupatsa ulemu, koma nsambo zakezo ndi ulusi wosokera zigamba. Mupatseni waya wa buleki tione. Koma uyu wa nsambo zambiriyu, ngati zisanu ndi imodzi zinamukanika, anaonjezeranji zina?"

"Koma bambo, muyeso wa matuzawu sukuyesa woimba. Ukuyesa khungu lanu."

Mawu amenewa anawalasa a Dominiko, chifukwa munali kachoonadi. Anauza mkamwiniyo kuti awaikire nyimbo ya mnyamata wa nsambo zisanu ndi zitatu uja mu kafoni ka Nasir, ndipo abwerenso Loweruka linalo. Sabata imeneyo njinga zinadikira. Loweruka litafika anaiimba yonse, mwina mopunduka, koma yonse, natambasula dzanja pamphuno pa mphunzitsiyo.

"Awiri. Kamwendo wachiwiri ameneyu. Akufuna kuti tizimuopa, koma nyimbo yake ilibe pogwira mtima. Lembani pachitseko, muli ndi dzanja labwino."

Akabaza anaimba mabelu a njinga. A Chancellor analemba, makutu akutentha, ndipo polemba maso awo anagwera pa dzina lapamwamba lija.

"Nanga a Thwelofu anuwa dzina lawo lenileni ndani?"

"Mfiti sizitchulidwa mayina."

"Foni ikhoza kutiuza. Ili ndi kanthu kena komvetsera nyimbo n'kunena mwini wake. Ikani kasetiyo."

A Dominiko anaika monyadira, akufuna kuona foni ikuchita manyazi. Kho, kho, inatero kaseti, ng'ombe n'kuyamba kuyenda. Foniyo inazungulirazungulira ngati yasokonezeka, inakana kawiri, koma kachitatu inatulutsa dzina ndi chithunzi. Anali bambo wina wonenepa, wadazi, wooneka ngati woyendetsa thirakitala. A Dominiko anawerenga zala zake pachithunzipo. Zinali khumi.

"Zinazo wabisa," anatero. "Iliritseni."

Nyimbo inalira. Panalibe kutsokomola. Mawu apansi aja analipo, omveka bwino kuposa a pakaseti, akuyenda mwaulemu wawo. A Dominiko anapendeketsa mutu kudikira mawu apamwamba. Anadikira mpaka pa Mlatho. Ng'ombe zinatsika zokha, popanda wothamanga pamwamba, zinawoloka, nyimbo n'kutha.

"Foni yanu yadula. Ili ndi njala ya mayunitsi."

A Chancellor anafufuza ina, yojambulidwa bamboyo akuimba pamaso pa anthu. Anaonera dzanja lake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Linkayenda pang'onopang'ono ngati la munthu wosankha nyemba. Anapezanso yachitatu, ndipo inali chimodzimodzi.

"Iyi ndi nyimbo ya thuza limodzi," anatero a Dominiko, mawu atachepa. "Ndinaitha chaka choyamba. Nanga winayo ali kuti? Wapamwambayo ndani?"

Amayi Magdalena, amene nthawi yonseyi anali chikhalire pambali akuingitsa ntchentche pa zitumbuwa, analankhula osatembenuka n'komwe.

"Ndi alamu anga."

"Mwati chiyani, mayi a Rejoice?"

"Ndati ndi a Denis. Munthu ndinamuphikira zaka zitatu, ndingaiwale chifuwa chake? Ankatsokomola choncho akafuna kuyamba chilichonse, ngakhale kudya. Ndinakuuzani chaka chomwe kasetiyi inabwera."

"Simunandiuze!"

"Ndinakuuzani, muli pampando womwewo. Munati ife akazi nyimbo timaimvera m'chiuno, ndisalowerere za akatswiri. Ndiye ndinati chabwino, akatswiri adziwana okha."

Nasir anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya a Dominiko analeka. Madalawo anabweza kaseti ndi cholembera, monga ankachitira posunga batire, naiikanso. Kho, kho. Anaimitsa. Anabwezanso. Kho, kho.

Zonse zinabwera pamodzi ngati ng'ombe zolowa m'khola. Kwawo kwa Mpama iwo ndi Denis ankajambula nyimbo poika wayilesi ya kaseti pafupi ndi wayilesi ina, ndipo chilichonse cholira m'nyumbamo chinkalowa nawo, kaya ndi tambala kaya ndi mwana. Denis anachita zomwezo m'kachipinda kake ku Joni. Anatsegula nyimbo ya bambo wadaziyo, nakhala pambali ndi gitala yake, naimba zakezake pamwamba. Ndipo kukhotakhota kuja, kuseka ndi kulira kuja, tsopano anakuzindikira. Kunali kukoka nsambo kwa amalume a Maluwa, kothamangitsidwa mpaka kupenga. Zaka zonsezi anali akumva mawu akwawo, koma poti anawaveka khungu loyera, sanawadziwe.

Choyamba kubwera chinali mkwiyo, poti ndiwo unali pafupi.

"Chitsiru cha munthu! Analephera chiyani kulemba kuti ndine? Pepala linatha? Munthu wotani wotumiza kaseti yopanda dzina?"

"Akanalemba mukanamvetsera?" anafunsa amayi Magdalena. "Munthu munamuika pamene pamakodza agalu."

A Dominiko anakumbukira kalata yawo ija, liwu ndi liwu, mpaka pa thirira maluwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo wawo unawatsata zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu n'kuwapeza atakhala pa chitini cha girisi. Anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku limene bokosi la Denis linatsitsidwa m'galimoto. Mng'ono wawo anafunsa funso limodzi lokha m'moyo wake wonse, ndipo iwo anamutamanda ndi kumunyoza m'kalata imodzi, osadziwa kuti akulankhula ndi munthu mmodzi. Misozi inatsika, ndipo anaipukuta ndi nsanza ya girisi, nkhope yonse n'kuda. Tsiku limenelo anatseka chisakasa dzuwa likadali pamutu.

Anthu ankayesa kuti gitala yatha basi, ndipo ena pamsika anayamba kuthokoza Mulungu. Anathokoza msanga. Lolemba a Dominiko anatumiza uthenga kwa mkamwini wawo kuti aike nyimbo ya wadazi uja mu kafoni ka Nasir.

"Mzunguyo ayendetse ng'ombe zake yekha," anatero. "Ndamugwirira ganyu zaka zambiri osandilipira. Ine ndiimba za mng'ono wanga zokha."

Mumtima ankati tsopano zaphweka. Munthu amene wakhala akusenza matumba awiri, ukamuchotsera limodzi amathamanga. Ndiponso, kunena zoona, kamtima kena kankanong'ona kuti za Denis sizingavute kwenikweni, poti ndi Denis. Anatsokomola kawiri, ndipo ulendo uno siteji sinatsokomole nawo. Foni inayamba, iwo n'kulowa pamwamba, zala zikuyenda mopepuka. Anafika pa Mlatho, nakwera, nakwera, n'kugwa m'madzi pamalo omwe aja.

Anayang'ana gitala, nayang'ana kumwamba.

"Galu iwe, Denis," anatero mwakachetechete. "Unkachita bwanji?"

Anagwa mawa lake, anagwanso mkuja. April anatha, May n'kulowa, m'mawa kukuyamba kuzizira. Amayi Magdalena, amene kwa zaka zonsezi sanayamikirepo gitalayo ngakhale kamodzi, anayamba kubwera ndi madzi ofunda m'kabeseni kuti amuna awo aviikemo zala asanayambe. Ankangoika pansi n'kubwerera ku zitumbuwa zawo. Akabaza anasiya nthabwala ya chingwe ija. Nasir ankakana ngakhale pasenjala wa ku Boma ikakwana nthawi, poti foni yake inali pa ntchito.

Linali Lachinayi la sabata yomaliza ya May, tsiku wamba, mayi wina akudikira kuti amupopere tayala. A Dominiko anafika pa Mlatho monga mwa masiku onse. Chala chachitatu chinakana, iwo n'kuchikankha ndi mkono wonse, waya n'kulowa m'nyama. Mawu anatuluka okhota, onyansa pang'ono, koma anatuluka, ndipo lotsatira linabwera, ndi linzake. Anangozindikira ali kutsidya. Mbali yotsalayo anali asanaiimbepo chiyambire, koma ankaidziwa ngati njira ya kumunda, ndipo anaitsetsereka mpaka kumapeto, magazi akudontha pa thabwa la kabati ya apongozi.

Mabelu a njinga analira siteji yonse. Mayi wa tayala uja anafunsa ngati tsopano angamupopere.

A Dominiko anatambasula dzanja nawerenga mokweza, Nasir akuchitira umboni. Anali matuza asanu, awiri ophulika. Palibe mzungu, watsitsi kapena wadazi, wakale kapena wa mu foni, amene anafikapo pa anayi.

Anatenga nsanza yonyowa n'kupita pachitseko. Anafufuta a Thwelofu. Wadazi uja anamulemba pansi pa Wosasamba, thuza limodzi, ndipo anati achite kuthokoza. Kenako anagwada, nafufuta dzina lapansi lija ndi ziro wake, naimirira, nalilemba pamwamba ndi zilembo zazikulu zokhota, choko chikuterereka m'zala: Denis Namakhwa wa kwa Mpama, asanu.

Loweruka a Chancellor atabwera anawerenga chitseko, navula chipewa. Koma uphunzitsi ndi matenda, sanathe kudziletsa.

"Bambo, pansipa patsala malo. Ndiponso inuyo simunadzilembepo chiyambire. Munthu woimba mbali ziwiri nthawi imodzi mpaka pakati pa nyimbo, ine sindinamuonepo ngakhale mu foni."

A Dominiko anaganiza pang'ono, natenga choko, nagwadanso pamalo a agalu paja. Analemba kuti: Dominiko Namakhwa, zala zilipo, makutu ziro.

June anabwera ndi chiperoni chake, ndipo zala ziwiri zija zinapindika osawongokanso. Sipanala amagwirabe, machubu amamatabe, koma gitala ili pa msomali, ndipo mbuzi za pamsika zanenepa. Masana aliwonse, dzuwa likafika pamutu, a Dominiko amapukuta girisi m'manja, n'kuika kaseti ija mu wayilesi yawo ya zigamba. Akabaza amatsitsa mawu. Kasetiyo imati kho, kho, ndipo madalawo, asanalowe mawu oyamba a gitala, amayankha ngati munthuyo wakhala pa chitini chinacho.

"Ndikumva, Denis. Yamba."